Ndalama Ziyambire ku Pulayimale Kapena ku Koleji ya Ntchito Zamanja?

Ndalama za maphunziro zikachepa, boma limayenera kusankha poyambira. Koleji ya ntchito zamanja imabweza phindu msanga. Wachinyamata akaphunzira zamagetsi kapena kuwotcherera zitsulo kwa zaka 2 kapena 3, amayamba kudzipezera ndalama, kulemba anzake ntchito ndi kukhoma msonkho. Ku Germany ophunzira otere amasinthasintha pakati pa kalasi ndi kampani, ndipo kampaniyo imawalipira. Vuto n'lakuti makina ophunzirira ndi okwera mtengo, komanso sachedwa kutsalira luso likasintha.

Pulayimale phindu lake limachedwa. Mwana wolowa kalasi yoyamba lero adzayamba ntchito patapita zaka zoposa 10, ndipo andale ambiri sapirira kudikira chonchi. Komatu ndalama yophunzitsira mmisiri mmodzi ingafikire ana angapo. Mlimi wodziwa kuwerenga amatsatira malangizo a feteleza, wamalonda amalemba bwino ngongole zake, mayi wophunzira amathamangira kuchipatala mwana asanafooke. Ndiponso koleji imalandira okhawo amene pulayimale inawaumba. Wolephera kuchulukitsa sangayeze chitsulo.

Ine ndingaike gawo lalikulu ku pulayimale, makamaka pa mabuku ndi malipiro a aphunzitsi, makampani n'kuthandiza kugula makina a koleji.