Stethoscope ya amakaniko: momwe inandithandizira pa giyabokosi ya MGB

Galimoto yanga ya MGB ya 1965 inayamba kulira mwapansipansi ngati chigayo chakutali, ndipo aliyense wokwera nane ankatchula chake, wina difu (magiya a pakati pa matayala akumbuyo), wina matayala. Popeza kutsitsa giyabokosi pa galimoto imeneyi kumafuna kuzula ndi injini yomwe, sindinafune kumasula bawuti ngakhale imodzi mongoganizira, choncho ndinagula stethoscope ya amakaniko, yofanana ndi ya madokotala koma yokhala ndi kandodo kachitsulo kunsonga.

Chipangizochi chimathandiza munthu amene wayamba wayesa ndi phazi pa klachi. Injini ikulira, giya ili pa nyutulo, phokoso linkamveka, koma ndikaponda klachi linkazilala pang'onopang'ono mpaka zii. Pamenepo beringi ya klachi inachoka pamlandu, chifukwa iyo imalira ukaponda osati ukasiya. Pamsewu kulirako kunkakula m'giya yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu, koma m'yachinayi kunkachepa kwambiri, poti m'giya imeneyo mphamvu imadutsa molunjika osalemetsa layshaft, shafti yakumunsi m'giyabokosi imene magiya enawo amadutsirapo mphamvu.

Panatsala funso limodzi: kodi ndi beringi ya input shaft (shafti yolandira mphamvu kuchokera ku klachi) kapena tizitsulo tozungulira ta layshaft? Apa ndi pamene stethoscope inaonetsa phindu lake. Galimoto itakhazikika bwino pa masitandi, ndinagusa kandodo kutsogolo kwa giyabokosi, pafupi ndi chibade cha klachi, ndipo ndinamva kung'ung'udza kosalala. Nditakatsitsira m'mbali chakumunsi, m'makutu munamveka kukhutchuka ngati mchenga walowa m'mphika wachitsulo. Poyamba ndinali nditayesa kutsamiritsa khutu pa sikuludiraiva yaitali, koma maphokoso onse ankabwera osakanikirana ndi kugunda kwa injini.

Zofooka zake zilipo. Kandodo kakagunda chitsulo mwangozi, makutu amapweteka ndithu, ndipo chubu chake chiyenera kutalikirana ndi ekizozi yotentha. Chitsulo cha giyabokosi chimafalitsanso phokoso paliponse, motero malo amodzi sauza kanthu pokhapokha uwayerekeze ndi ena angapo. Komanso sichingagwiritsidwe ntchito galimoto ikuyenda, kutanthauza kuti beringi yakumbuyo, yomwe kulira kwake kumatsata liwiro la pamsewu, imavuta kuigwira nacho.

Nditakhetsa oyilo, ankanyezimira ndi tizidutswa tachitsulo, ndipo titatsegula giyabokosi tinapeza layshaft itadyeka timaenje pamalo oyenda tizitsulo tija, kumunsi komwe kandodo kanandilozera. Beringi ya input shaft inali idakali yabwino, ngakhale tinaisintha poti bokosi linali lotsegula kale.