Uvuni wa magetsi, wa gasi kapena wa nkhuni: woumba asankhe uti?

Musanafunse mtengo wa uvuni uliwonse, yambani mwayesa dongo lanu. Umbani timapale tingapo totalika ngati chikhatho, tiume bwinobwino, kenako mupemphe mnzanu amene ali ndi uvuni akuwotchereni, kena pa madigiri 1000 a Celsius, kena pa 1100, kena pa 1220. Pansi pake muyikepo chidutswa cha shelefu yakale ya mu uvuni kuti musamuwonongere mnzanuyo zipangizo. Ine nditayesa dongo lofiira la kudambo kwathu, ka pa 1000 kanatuluka kokongola, kolira ngwee ndikakagogoda ndi chikhadabo. Ka pa 1220 kanatuluka kakuda, kotupa ngati chitumbuwa, katamatirira pamene kanagonapo. Tsiku lomwelo ndinadziwa kuti uvuni wamoto waukulu umene ndinkaulota sukanandithandiza kalikonse pokhapokha nditasintha dongo.

Dongo lofiira la kudambo kapena la pachulu limakhala ndi chitsulo chambiri, ndipo nthawi zambiri limapsa mokwana pakati pa madigiri 1000 ndi 1100. Mukapitirira apo limayamba kupindika n'kusungunuka. Dongo loyera, longa limene limapezeka ku Linthipe m'boma la Dedza, limapirira moto woposa 1200, ndipo ndi la mtundu umenewu limene limapanga makapu ndi mbale zolimba zosamwa madzi. Choncho funso loyamba ndi lakuti mukuumba chiyani, ndi dongo liti, ndipo mukugulitsa kwa yani.

Ngati ntchito yanu ndi mbiya, mitsuko, nkhali, mbaula ndi miphika ya maluwa, musawononge ndalama pa uvuni wakunja. Moto wa agogo athu, uja wosanja mbiya pansi n'kuziunjikira nkhuni, makungwa ndi udzu, umafika pakati pa madigiri 600 ndi 900, ndipo umenewo ndiwo mbiya zimaufuna. Mtsuko umaziziritsa madzi chifukwa uli ndi timabowo tosaoneka timene timachita thukuta kunja, mphepo n'kumaumitsa. Nkhali imakhala pa mafuwa osang'aluka chifukwa cha timabowo tomweto. Muziwotche pa moto waukulu, timabowoto titsekeka, mtsuko usiya kuziziritsa, nkhali ithetheka tsiku loyamba kuphikira nyemba. Vuto la moto wa poyera ndi mphepo ndi liwiro: mbali ina imapsa, ina imatsala yaiwisi, ndipo mbiya imene inali ndi kachinyezi mkati imaphulika n'kuswa zinzake. Mankhwala ake ndi uvuni wa njerwa wamba, wozungulira, wofika m'chiuno kapena pachifuwa, wokhala ndi makomo a nkhuni pansi ndi denga la mapale ndi malata akale. Magulu oumba chitetezo mbaula m'midzi yambiri amawotchera m'mauvuni a njerwa, ndiye kopita kukaona kulipo. Pomanga, matani ndi dothi. Simenti ikamva moto imafumbutuka.

Nkhani imasintha mukafuna makapu a tiyi ndi mbale zonyezimira zogulitsa m'malo ogona alendo kapena m'mashopu a m'tauni. Pamenepo pamafunika glaze, mankhwala opaka pa chiwiya amene amasungunuka pa moto n'kuuma ngati galasi, ndipo glaze safuna moto wongoyerekeza. Ziwiya zimalowa mu uvuni kawiri: koyamba pa madigiri pafupifupi 1000 kuti zilimbe, kachiwiri zitapakidwa glaze, pa moto umene oumba amauyeza ndi tizipilala totchedwa cone. Kachipilala kameneka kamawerama kakalandira moto wokwana kwa nthawi yokwana. Cone 6 ndi cha m'ma 1220, cone 10 ndi pafupifupi 1300. Apa ndi pamene magetsi, gasi ndi nkhuni zimapikisana zenizeni.

Uvuni wa magetsi ndi umene ambiri amayamba kuuganiza, ndipo pali zifukwa zomveka. Sufuka utsi wa nkhuni, umakwana m'kashedi kuseri kwa nyumba, ndipo wokhala ndi kakompyuta koyendetsera moto umakweza kutentha pang'onopang'ono monga mwauuzira. Zimenezi n'zofunika kwambiri pa madigiri 100, pamene madzi otsala m'dongo amasanduka nthunzi, komanso pa 573, pamene mchenga wa m'dongo umafufuma mwadzidzidzi n'kung'alula chiwiya chimene chathamangitsidwa. Mtundu umene mwaupeza lero mudzaupezanso mwezi wamawa, ndiye wogula akafuna makapu 24 ofanana, mumatha kulonjeza ndi mtima umodzi.

Koma musanakopeke ndi chithunzi cha pa intaneti, pitani kaye pa mita yanu. Magetsi a m'nyumba zathu ndi mavoti 230, ndipo pulagi ya mano atatu imanyamula ma amp 13. Mukachulukitsa ziwirizi mupeza mawati pafupifupi 3000. Ndiye kuti uvuni wolowa pa soketi wamba ndi waung'ono, wa malita 40 mpaka 60, longa timauvuni tozungulira ta makampani a ku Germany a Rohde ndi Nabertherm. Woposa apo umafuna waya wakewake wochokera pa bokosi lalikulu, monga zimakhalira ndi kuka, ndipo waukulu kwambiri umafuna three phase, magetsi obwera ndi mawaya atatu amoto m'malo mwa mmodzi, imene muyenera kukapempha ndi kulipira padera. Mauvuni a ku America monga Skutt, Paragon ndi L&L ndi abwino, koma anapangidwira magetsi a kwawo. Skutt KM-1027, imene ndi yotchuka kwambiri kumeneko, imakoka ma amp 48 pa mavoti 240. Nyumba zambiri kuno sizingapirire zimenezo pamodzi ndi kuka ndi giza. Ndipo tating'ono ta mavoti 120 musatiyese n'komwe. Mawaya ake angapse nthawi yomweyo.

Pali kanthu kena kamene ogulitsa satchula. Mavoti akatsika, mphamvu ya uvuni imatsika koposa. Madzulo, aliyense akuphika nsima, magetsi akafika 210 m'malo mwa 230, uvuni wanu wataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mphamvu yake. Pa madigiri 800 simuzindikira. Pa 1180 umangoima, maola n'kumapita, mayunitsi n'kumatha. N'chifukwa chake ndimalangiza kugula uvuni wolembedwa kuti umafika 1300 ngakhale inu muzidzawotcha pa 1220, kuti ukhale ndi mphamvu yotsala maelementi, mawaya otenthetsa a mkati mwa uvuni, akayamba kukalamba. Ine ndimayatsa cha m'ma 10 koloko usiku, anthu atazimitsa makuka, kuti gawo lovutalo lipezeke m'bandakucha.

Za mayunitsi n'zosavuta kuwerengera. Uvuni wa makilowati atatu ukayaka maola 8 sungadye mayunitsi oposa 24, ndipo kawirikawiri umadya ocheperapo chifukwa maelementi amayaka n'kumazima. Mukagawa ndalama imeneyo pa makapu amene alowa, muona mtengo wa magetsi pa kapu iliyonse, bola akhale alipo. Nthenda yake ndi yomweyo. Usiku wina magetsi anandizimira uvuni uli pa 1150, muli makapu a oda. Ndinakhala pa mpando m'shedimo ndi tochi, ndikumva njerwa zikuthetheka pozizira, mpaka kunja kunacha. Nditatsegula mawa lake, glaze inali itayamba kusungunuka koma osamaliza, yokhakhala ngati khungu la nanzikambe, ndi timatuza tosaphulika. Ndinawotchanso, ambiri anapulumuka, ena anatsala ndi timaenje. Kuzima kwa mphindi zochepa kakompyuta kamapitiriza kokha, komanso kukachitika pa kuwotcha koyamba kuja sikuwononga kwenikweni. Sola ya m'nyumba yoyatsira mababu ndi firiji siingakuthandizeni apa, ndipo jenereta yonyamula uvuni usiku wonse imamwa mafuta odya phindu lonse.

Pa kapangidwe, wotsegula pamwamba ndi wotchipa ndi wopepuka, anthu awiri amaunyamula, koma umafuna kuwerama polongedza. Wotsegula kutsogolo ngati kabati ndi wolimba ndipo msana supweteka, koma ndi wolemera kwambiri, wofuna pansi pa konkire ndi khomo lalikulu. Woyamba kumene atenge wotsegula pamwamba. Ndipo asagule waukulu poganiza za mawa. Uvuni umene mumaudzaza pa masabata awiri umakuphunzitsani msanga kuposa umene umadikira miyezi itatu.

Gasi ndiye mnzake wa munthu amene watopa ndi kudikira magetsi. Masilinda akakhala odzaza, palibe wokuzimitsirani moto pakati pa usiku. Amaperekanso chinthu chimene magetsi sangapereke. Mukatsekako pang'ono chumuni, lawi limasowa mpweya n'kuyamba kuukoka mu glaze ndi m'dongo momwemo. Glaze ya kopa imene mu uvuni wa magetsi imatuluka yobiriwira, apa imatha kutuluka yofiira ngati magazi, ndipo yokhala ndi kachitsulo pang'ono imatuluka yobiriwira motuwa ngati madzi a m'dziwe lakuya. Amene anaonapo mbale yotere akudziwa chifukwa chake oumba ena safuna kumva za magetsi.

Mtengo wake ndi maso anu ndi thumba lanu. Uvuni wa gasi suusiyidwa wokha. Mumakhala pomwepo tsiku lonse, kuyang'ana lawi pa kabowo, kusuntha chotsekera chumuni pang'onopang'ono, ndipo maulendo oyambirira mudzapeza pamwamba papsa pansi pasanafike. Silinda ikamakokedwa kwambiri imazizira, kunja kwake kumayera chisanu, gasi n'kuchepa mphamvu moto uli pakati. Oumba amalumikiza masilinda awiri kapena atatu aakulu a makilogalamu 48, kapena kuimika silinda m'beseni la madzi ofunda. Moto pafupi ndi silinda ayi ndithu. Ndipo uvuni umenewu ukhale pa shedi yopita mphepo mbali zonse, chifukwa mpweya umene umatuluka ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba nyengo yozizira. Gasi naye amadula, ndipo nthawi zina amasowa, ndiye musayatse musanatsimikize kuti muli ndi wokwana mpaka kumapeto.

Nkhuni pa moto waukulu ndi nkhani ina, yosiyana ndi kauvuni ka mbiya kaja. Njerwa wamba sizipirira 1250. Pamafunika njerwa zapadera zosapsa ndi moto, chumuni chachitali chokoka mpweya, ndi nkhuni zouma gwa, zowazidwa timitengo tating'ono, zoponyedwa mphindi zingapo zilizonse. Ndi ntchito ya anthu atatu kapena anayi osinthana, ndipo mauvuni a ku Japan otchedwa anagama amayaka masiku angapo. Phulusa limauluka n'kutera pa ziwiya, moto ukakula limasungunuka kukhala glaze yakeyake, moti palibe makapu awiri ofanana. Ndimaukonda uvuni umenewu kuposa onse, koma sindingauze munthu wa ku Area 25 kapena ku Ndirande kuti amange, chifukwa utsi wake ungadanitse ndi aneba. Ndi wa munthu wa malo aakulu, amene ali ndi bulugamu wodzala yekha kapena ali pafupi ndi ocheka matabwa a paini kumene zotsala zimatayidwa. Kugwetsa msuku kapena mombo kuti tiwotchere makapu, mapiri athu ali mbee chonchi, mtima wanga sulola.

Ambirife tidzagula uvuni wogwiritsidwapo kale ntchito, wochokera ku South Africa kapena kwa wina amene wasiya kuumba. Pitani ndi tochi. Timing'alu tating'ono m'njerwa si vuto, koma njerwa zogumuka pamene maelementi amagona ndi ntchito yaikulu. Maelementi otuluka m'mizere yake n'kulendewera atha. Tsegulani bokosi la mawaya muone ngati muli dzimbiri kapena zopserera. Funsani ngati mwiniwake ankagwiritsa ntchito glaze ya mtovu wa lead, chifukwa umalowerera m'njerwa n'kudzatera pa mbale zimene ana adzadyeremo. Ngati yankho silikumveka bwino, usiyeni. Ngati mkati muli zoyera zonga thonje m'malo mwa njerwa, musazigwiregwire popanda chotseka pamphuno, fumbi lake limawononga mapapo. Ponyamula, njerwa zopepuka zija ndi zosachedwa kusweka ngati buledi wouma. Muyale matiresi pansi, mashelefu muwatulutse muwamange padera, ndipo woyendetsa mumuuze za mabampu asananyamuke.

Powerengera ndalama muphatikizepo zonyamulira, msonkho wa pachipata, amisiri a magetsi, mashelefu ndi timiyendo take, ndi bokosi la macone. Koposa zonse, itanitsani limodzi maelementi ena, thermocouple (kachipangizo koyeza kutentha mu uvuni) ndi relay (kaswichi koyatsa ndi kuzimitsa maelementi) zapadera. Zimenezi zimatha ngati matayala a galimoto, ndipo ndi mmene ndalama zakunja zimavutira, kawaya kamodzi kangakuimitseni ntchito miyezi itatu. Uvuniwo muuike potalikira khoma masentimita osachepera 45, pa simenti, kutali ndi nkhuni ndi mapepala.

Kwathu ndili ndi mauvuni awiri ogwira ntchito. Wa njerwa uli kuseri pafupi ndi nthochi, umawotcha miphika ya maluwa ndi mitsuko ya dongo lofiira lija, ndipo ndi umene umabweretsa ndalama ya ndiwo. Wa magetsi, wa malita 45, ndi wa makapu a dongo loyera. M'shedi muli wachitatu, wakufa maelementi, umene ndinaupeza motchipa chifukwa njerwa zake zikadali zabwino. Ndaboola kale bowo pansi lolowera lawi ndi lina pa chivindikiro lotulukira, ndipo ndikudikira burner yotulutsa lawi ndi regulator yowongolera mphamvu ya gasi kuti mvula ikangosiya ndiyese glaze ya kopa pa gasi.