Miyezi 8 ndi Boss NS-2 ndi ISP Decimator II G String pa Peavey 6505+

Mapedal awiriwa, amene ndi ma noise gate otseka phokoso la gitala yamagetsi, akhala akusinthana pa bolodi limodzi la mapedal kwa miyezi 8, pa mapulakatisi a kawiri pa sabata ndiponso m'maholo angapo. Ampu ndi Peavey 6505+ ya mawati 120, ija ya mavalavu 6 a 12AX7 ku preamp (mbali yoyamba kukuza mawu a gitala) ndi 4 a 6L6GC ku mbali ya mphamvu. Kutsogolo kwake kuli Tube Screamer, pedal yokankha mawu a gitala asanalowe mu ampu, Drive ili pa ziro, Level ili kumapeto, ndipo gitala ndi ya ma humbucker, mtundu wa ma pickup (tizida totola kulira kwa nsambo). Amene anaimapo pafupi ndi ampu yotere ili pa Lead channel akudziwa zomwe zimachitika: mukangogwira nsambo kuti zikhale chete, sipika imayamba "sssss" ngati tayala la njinga likutha mpweya, ndipo mukatembenukira ku ampu imawonjezapo mluzu. Noise gate, imene pano tiziitcha geti, ntchito yake ndi kutseka mawu pamene simukuimba.

Chachikulu chimene miyezi imeneyi yaonetsa n'chakuti dzina la pedal silofunika kwenikweni poyerekeza ndi mabowo amene ili nawo. Geti la mabowo awiri okha, lolowera ndi lotulukira, pa ampu yotere limakusiyani pakati. Mukaliika patsogolo pa ampu, limatseka phokoso la gitala ndi la Tube Screamer, koma "sssss" uja amatsala, chifukwa amabadwira m'kati mwa preamp: valavu yoyamba ili ndi kaphokoso kake kochepa, ndiye zotsatirazo zimakakuza mobwerezabwereza. Mukalisamutsira ku effects loop, mabowo a Send ndi Return a kumbuyo kwa ampu amene ali pambuyo pa preamp, phokoso lonse limatha ndithu, koma tsopano geti likumvetsera mawu amene distortion yawafinya kale. Pamenepo noti imene ikuzilala ndi phokoso zimakhala pafupifupi pa mlingo umodzi, choncho Threshold, mlingo umene geti limayambira kutseka, imafunika kukwera kwambiri, ndipo michira ya manoti imadulidwa ngati ndi lumo. Pa 6505+ palinso china: mphamvu ya mawu otuluka pa Send imatsatira Post Gain, batani la voliyumu ya channel. Mukakweza voliyumu mu holo kapena kusinthira ku Rhythm channel, zomwe munatchera kunyumba zija zatha ntchito.

NS-2 ndi G String zimathetsa zimenezi mwa njira yofanana. Zimamvetsera gitala isanadetsedwe, pamene kusiyana kwa kuimba ndi kusaimba kuli kwakukulu, koma kutseka kwenikweni zimakatsekera pambuyo pa preamp. Kulumikiza kwake pa NS-2 n'kotere: gitala ilowe pa Input; Send ipite ku Tube Screamer, Tube Screamer ipite pa bowo lakutsogolo la ampu; Send ya kumbuyo kwa ampu ibwere pa Return ya pedal; Output ya pedal idutse pa delay ndi reverb (mapedal obwereza ndi otalikitsa mawu) kenako ilowe pa Return ya ampu. Pa G String njira ndi yomweyo, mayina okha ndi amene asintha: Guitar In, Guitar Out, Dec In, Dec Out. Delay izikhala pambuyo pa geti nthawi zonse. Mukaiika patsogolo, geti limadula mawu obwereza aja pakati mukangosiya kuimba.

Ambiri amatchera Threshold gitala ili pa sitandi, voliyumu yake ili pa ziro, ndiye akainyamula phokoso n'kubwerera. Tcherani mutakoleka gitala, voliyumu yake ili pa 10, mutaima pomwe muziimbirapo, ampu ili pa voliyumu ya pa siteji. Gwirani nsambo ndi dzanja lamanzere, yambani Threshold ili pansi, muzikweza pang'onopang'ono mpaka phokoso litazima, kenako onjezani kadontho kochepa chabe. Mukatero imbani noti imodzi pa fret ya 12 ya nsambo ya G n'kuisiya izilale yokha. Ikayamba kuchita chibwibwi kumapeto, "ta-ta-ta", ndiye kuti geti likutseguka n'kutseka pa malire. Tsitsani Threshold pang'ono kapena talikitsani Decay, nthawi imene geti limatenga kuti litseke. Yeseraninso voliyumu ya gitala ili pa 5 kapena 6. Apa m'pamene geti lotcheredwa mwankhanza limaonekera, chifukwa manoti ofewa sadutsa n'komwe.

NS-2 ndi yakale, inatuluka mu 1987, ndipo ili ndi mabatani atatu: Threshold, Decay ndi Mode. Pa bolodi ili inakhazikika ndi Threshold cha pa 1 koloko, Decay cha pa 9 koloko, powerenga batani ngati muvi wa wotchi. Decay ikakhala pa ziro, kugunda kwa palm mute (kuimba mutatsamiritsa chikhatho pa nsambo) kumatha mwaukhondo, koma manoti ataliatali a solo amafupika. Ikafika pa 12 koloko, solo imapuma bwino, koma pakati pa ma riff (tizigawo ta nyimbo tobwerezabwereza) othamanga mumamva kamchira ka "sss" kosakwana sekondi geti lisanatseke. Ndiye pamafunika kusankha mbali imodzi, kapena kuwerama n'kupotokola pakati pa nyimbo. Mode ya Mute ndi imene yagwira ntchito yaikulu kuposa mmene tinkaganizira poyamba: geti limakhala likugwira ntchito nthawi zonse, ndipo mukaponda pedal mawu onse amazima. Posintha gitala kapena pamene mlaliki kapena MC akulankhula, phazi limodzi lakwanira. Nkhani yoti NS-2 imadya mawu akumwamba imakambidwa kwambiri. Pa clean channel, mutatchera khutu m'chipinda cha zii, kusiyana kochepa kumamveka. Pa Lead channel ng'oma zikulira, palibe amene angakuuzeni ngati yayatsidwa.

G String ili ndi batani limodzi basi, Threshold. Liwiro lotsekera imasankha yokha potsatira mmene noti ikuzilalira: mukadula nsambo mwadzidzidzi imatseka pomwepo, mukaisiya noti ilire imaitsatira mpaka pansi. Sabata zoyamba kusowa kwa Decay kumaoneka ngati kuchepekedwa, koma pofika mwezi wachitatu mumazindikira kuti simunaweramepo. Pa ma riff oima n'kuyamba, chete wake ndi wakuya kuposa wa NS-2, ndipo nyimbo yomweyo ikafika pa solo simusintha kanthu. Batani lake ndi lomva msanga, kusuntha pang'ono kumasintha zambiri, choncho malo abwino mukawapeza ikanipo kachizindikiro ka tepi. Mute ilibe, ndipo mtengo wake ndi wokwera kuposa wa NS-2 ndithu. Kwa woimba rhythm ya metal amene amafuna chete wa mwadzidzidzi, G String ndi imene yatsala pa bolodi. Kwa amene amaimba rock, gospel kapena zosakaniza, gain (kuchuluka kwa distortion) ili pakatikati, NS-2 ikukwanira, ndipo ndalama yotsalayo ipite ku power supply yabwino. TC Electronic Sentry nayonso ili ndi Send ndi Return, ndiye imalowa m'gulu lomweli. MXR Smart Gate ilibe mabowo amenewa, choncho imayenera amene phokoso lake likuchokera pa distortion pedal osati mu ampu.

Mavuto amene anabuka m'miyezi imeneyi sanachokere m'mapedal enieniwo. Loyamba linali kung'ung'uza kwapansi kumene kunayamba tsiku lomwe makebulo anayi a njira ija ya Send ndi Return analumikizidwa. Chifukwa chake n'chakuti earth ya bowo lakutsogolo la ampu ndi earth ya effects loop tsopano zakumana kudzera mu pedal, n'kupanga mkombero umene umatola phokoso la magetsi. Chinyengo chake n'chakuti geti limabisa mbali ina ya kung'ung'uzako mukasiya kuimba, koma pansi pa manoti kumakhalapobe, ndipo mawu amamveka ngati ali ndi matope. Mankhwala ake ndi kufupikitsa makebulo, kuwamanga pamodzi kuti aziyenda njira imodzi kutali ndi thiransifoma ya ampu, ndi kuika ampu ndi bolodi pa soketi imodzi. Zikakanika, kabokosi ka isolation transformer pa kebulo imodzi ya loop kamadula mkomberowo. Musadule phini ya earth pa pulagi ya ampu. Phokoso litha kuchepa, inde, koma nsambo za gitala ndi zolumikizidwa ku chitsulo cha ampu, ndipo tsiku limene waya wina adzakhudze chitsulocho, magetsi adzadutsa mwa inu mukadzagwira maiki.

Lachiwiri linali adaputa yotchipa yopanda dzina, ya mchira umodzi wodyetsa mapedal asanu. Delay ya digito ikakhala pa mchira womwewo, kamluzu kopyapyala kamalowa mu Tube Screamer, ampu n'kukakuza. Power supply yokhala ndi mabowo odzipatula, 9V, negative pakati, inathetsa zimenezi tsiku lomwelo, ndipo Threshold inatsika ndi pafupifupi ola limodzi pa batani. Batire musalidalire: NS-2 imadya 20 mA, ndiye batire la 9V limatha patangopita mapulakatisi ochepa, makamaka mukaiwala kebulo mu Input usiku wonse, chifukwa pedal imakhala ikudyabe. Fumbi la m'chilimwe nalo limalowa m'mabowo a loop kumbuyo kwa ampu. Voliyumu ikayamba kutsika yokha kapena kuthetheka, thirani contact cleaner pa jack n'kuilowetsa ndi kuitulutsa kakhumi, ampu ili yozima. Manati a mabowo a pedal amamasuka chifukwa cholumikiza ndi kuchotsa makebulo anayi sabata iliyonse, ndiye muziwamanga mwezi ndi mwezi.

Musanagule geti lililonse, mphindi zisanu zokha zingakuuzeni kumene phokoso likuchokera. Chotsani kebulo pa bowo lakutsogolo la ampu: "sssss" wotsalayo ndi wa preamp, ndipo ameneyu ndi amene amafuna geti la mabowo anayi. Lumikizani gitala yokha popanda mapedal, tsitsani voliyumu yake pa ziro. Phokoso likatha, likuchokera ku ma pickup. Tembenukani pang'onopang'ono muli chiimire: likamakwera ndi kutsika, ma pickup akutola kuchokera ku magetsi a siteji, dimmer, chaja kapena foni ili m'thumba lakutsogolo. Likachepa mukagwira nsambo, zili bwino, umo ndi mmene gitala imakhalira; likakula mukagwira, waya wa earth m'kati mwa gitala walakwika. Kung'ung'uza kwa magetsi athu kumakhala pa 50 Hz, pafupi ndi noti ya G yapansi pa bass, osati 60 Hz imene mumamva m'mavidiyo a ku America. Mukakumva pamwamba pake, cha pa 100 Hz, ngakhale gitala itachotsedwa, kawirikawiri ndi ma filter capacitor a ampu amene atopa. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri, chifukwa m'katimo mumatsala mavoti oposa 400 ngakhale ampu itazimitsidwa.

Mluzu ulinso mitundu iwiri. Ukatha mukagwira nsambo, ndi feedback wamba, ndipo geti lothamanga limaugwira usanakule. Ukapitirira nsambo zili zogwidwa, ndi pickup yomasuka m'kati kapena valavu imene yayamba kumva ngati maiki. Gogodani mavalavu a preamp mopepuka ndi pensulo, imodzi imodzi, voliyumu ili pansi. Imene ilire "ting" mokweza mu sipika ndi yomweyo. Kusintha 12AX7 yoyamba ya preamp kunachepetsa phokoso pa ampu iyi kuposa batani lililonse.

Geti silichotsa phokoso pamene mukuimba, limangodikira kuti musiye. Phokoso likakhala lalikulu, Threshold imakwera, ndipo sustain, kutalika kwa kulira kwa noti, ndi imene imalipira. Pa 6505+ yokhala ndi Tube Screamer patsogolo, Pre Gain, batani la gain pa ampu, ya 7 kapena 8 siwonjeza kulemera kulikonse, imangowonjeza "sssss" ndi kufinya mawu. Pa bolodi ili inayambira pa 7 mwezi woyamba, pano ili pakati pa 4 ndi 5. Ma riff akumveka olimba kuposa kale, ndipo noti ya pa fret ya 12 ija ikuzilala mpaka kumapeto popanda chibwibwi pa mapedal onse awiri.