Khadi la Visa paulendo wakunja: kutseka amatseka bwino, vuto lili potsegula

Nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ndemangayi ndi ya khadi la Visa la banki ina ya muno m'Malawi, logwiritsidwa ntchito m'masitolo, m'mahotelo ndi pa ATM ku Johannesburg, Dar es Salaam, Dubai ndi London, makamaka mbali yoyang'anira chinyengo, ija imatseka khadi ikakayikira kuti lagwa m'manja mwa akuba. Zambiri mwa izi sizisintha kaya khadi lanu ndi la ngongole kapena lotapa mu akaunti yanu, kaya ndi la Visa kapena la Mastercard.

Pa kutseka kokhako ndilibe nawo chifukwa. Khadi likagula mosiyana ndi chizolowezi cha mwini wake, banki iyenera kudzidzimuka, ndipo imadzidzimukadi msanga. Nyenyezi ziwirizo zagwera pa njira yotsegulira, chifukwa yonse yakolekedwa pa nambala ya foni ya kuno kumudzi, nambala yomwe apaulendo ambiri amaichotsa m'foni akangotsika ndege.

Mukalowetsa khadi m'makina a m'sitolo, pempho limapita ku banki ya mwini sitoloyo, n'kudutsa pa netiweki ya Visa, n'kufika ku banki yanu, yankho n'kubwerera m'masekondi ochepa. Palibe munthu amene wakhala pampando n'kumalingalira za inu panthawiyo. Ndi kompyuta, ndipo imayang'ana dziko lomwe makinawo ali, mtundu wa malondawo, kuchuluka kwa ndalama, nthawi, ndi momwe khadi lawerengedwera: kaya ndi chip ndi PIN, kugunditsa pamwamba pa makina, kukhwekhweretsa kamzere kakuda ka kumbuyo, kapena kulemba manambala pa intaneti. Zonsezi imaziyerekeza ndi mbiri yanu. Khadi lomwe zaka zonsezi lakhala likugula sugar ndi mafuta a galimoto ku Lilongwe, m'mawa ligule khofi pabwalo la ndege ku Addis Ababa, madzulo lifune kulipira mafoni anayi ku Dubai, kompyuta imaona ngati mbava yayamba ntchito. Ndipotu mbava zimachitadi momwemo: zimayamba ndi kandalama kochepa kuyesa ngati khadi lili moyo, zikatero n'kuthamangira katundu wogulitsika msanga monga mafoni, malaputopu ndi ndolo zagolide.

Zina zomwe zimautsa mkango uli m'tulo ndi izi. Chip ikakana kuwerengeka, wogulitsa amakonda kunena kuti "tiyeni tikhwekhweretse". Kanani mwaulemu, mupukute kachitsulo ka golideko pa malaya n'kuyesanso. Kamzere kakumbuyo ndi komwe akuba amakopera, choncho banki imakayikira kwambiri malonda odzera pamenepo, makamaka kunja. Khadi likagwiritsidwanso ntchito malo awiri otalikirana m'nthawi yoti munthu sangayende, mwachitsanzo inu muli ku Sandton, ku Johannesburg, pomwe m'bale wanu akulipira china pa intaneti ali ku Blantyre ndi manambala a khadi lomwelo, ndiye kuti mwaitana loko nokha. Koma choipitsitsa, chomwe chimachitika tsiku ndi tsiku, ndi kubwereza. Khadi lakana kamodzi, pamzere pali anthu, thukuta layamba, wogulitsa akuti "yesaninso", inu mukuyesanso kachiwiri, kachitatu, kachinayi. Kukana koyamba mwina kunali kwa netiweki chabe, koma kuyesa kanayi ndalama yofanana m'mphindi ziwiri kumasandutsa kavuto kakang'ono kukhala kutsekedwa kwenikweni. Likakana kawiri, chokani pamzere.

Ndipo musachoke manja manja. Pemphani kalisiti kokanako, chifukwa makina ambiri amasindikiza nambala ya manambala awiri yosonyeza chifukwa chake, ndipo anthu ambiri amakataya m'bini osakawerenga. Nambala 59 ndiyo yonena kuti banki ikukayikira chinyengo. 51 ndi ndalama zosakwana, 54 khadi latha nthawi, 55 PIN yolakwika, 75 mwaphonya PIN kopitirira muyeso, nthawi zambiri katatu. 61 ikutanthauza kuti mwadutsa malire a ndalama omwe khadilo limaloledwa, 57 kuti khadi lanu sililoledwa malonda a mtundu umenewo, 91 kuti makompyuta a banki yanu sakuyankha. Yosautsa ndi 05, yolembedwa kuti "Do not honour", chifukwa ndi thumba loponyamo zifukwa zosiyanasiyana, ndipo banki yomwe ndikuikambayi imaigwiritsa ntchito kwambiri, ngakhale pomwe ikanatha kunena chifukwa chenicheni. Pamenepa ndawadula, poti kasitomala ali kutali amafunika kudziwa ngati adikire, achepetse ndalama, kapena aimbe foni.

Kwa ife a Malawi kusiyanitsa zifukwazi n'kofunika kuposa kwa ena, chifukwa si kukana konse komwe kuli kwa chinyengo. Ndalama zakunja zakhala zikusowa, kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mabanki amaika malire a zomwe khadi lingagwiritse ntchito kunja, malire omwe amasintha nthawi ndi nthawi. Mutha kukhala ndi mamiliyoni a kwacha mu akaunti khadi n'kukana kulipira chakudya chamadzulo chifukwa gawo lanu la ndalama zakunja latha. Apa wa ku dipatimenti ya chinyengo sangakuthandizeni, si iyeyo watseka. Funsani malirewo musananyamuke, a pa tsiku ndi a pa mwezi, a pa ATM ndi a m'sitolo, poti amakhala osiyana, ndipo muwapemphe akulembereni.

Mahotelo ndi obwereketsa magalimoto amawonjezera chisokonezo. Polowa amagwira ndalama ya chikole pakhadi, yoposa mtengo wa chipinda. Ndalamayo sinachoke, koma simungaigwiritse ntchito, ndipo imatha kutenga masiku angapo, mwina masabata, kuti imasuke mutatuluka kale. Pakhadi la malire ochepa, chikole chimodzi chokha chimatha kudya gawo lonse. Funsani pa kauntala kuti agwira zingati, ndipo ngati akulola, perekani chikolecho ndi ndalama m'manja.

Bankiyi ili ndi njira yoidziwitsa za ulendo, ndipo muigwiritse ntchito ndithu, masiku atatu kapena anayi musananyamuke, osati m'mawa wa ulendo. Tengani pasipoti ndi tikiti, poti amatha kuzifuna. Lembani mayiko onse, ndi omwe mukungodutsamo. Ambiri amalemba "China" kapena "United Kingdom" n'kuiwala Ethiopia, Kenya kapena South Africa komwe ndege ikaima, pomwe khadi limayamba kugwira ntchito kumeneko. Wonjezerani masiku awiri kapena atatu pa tsiku lobwerera, ndege zimasintha. Onetsetsani kuti atsegula zinthu zitatu padera: kugula m'sitolo kunja, kutapa pa ATM kunja, ndi kugula pa intaneti. Musachoke opanda nambala ya umboni kapena uthenga wotsimikiza. Komabe dziwani kuti chidziwitsochi sichizimitsa kompyuta ija, chimangoifewetsa. Malonda aakulu mwadzidzidzi amathabe kutsekedwa, choncho ngati mukudziwa kuti mukagula katundu wa ndalama zambiri tsiku lakuti, nenanitu.

Tsopano pagona nkhani. Khadi likatsekedwa, banki imatumiza SMS kapena kuimba pa nambala yomwe munalembetsa, ya TNM kapena ya Airtel. Nambala yachinsinsi yogulira pa intaneti, OTP ija, imapitanso komweko, ndipo imafa m'mphindi zochepa. Koma taonani zomwe zimachitika pa bwalo la ndege la O. R. Tambo ku Johannesburg: munthu watsika ndege, wapita pa kauntala ya Vodacom kapena MTN, wachotsa SIM ya kumudzi, waikulunga m'kapepala n'kuilowetsa m'thumba la pasipoti. Kuyambira pamenepo banki ikuyankhula ndi kapepala. Uthenga wofunsa kuti "kodi ndinu mwagula izi?" sufika, foni ya banki silowa, ndipo poti palibe woyankha, khadi limakhala chotsekedwa. Munthuyo akufuna kuitanitsa Uber kapena kusintha tikiti ya ndege pa intaneti, OTP osabwera. Bankiyi ilibe njira ina yodalirika yokufikirani, ndipo kwa ine ichi ndiye chilema chachikulu cha ntchito yonseyi.

Mankhwala ake ali m'manja mwanu. Tsegulitsani roaming, yoti SIM yanu izigwira ntchito kunja, muli konkuno, mufunse mitengo yake ndi ngati dziko mukupitalo lilipo, mutsirenso mayunitsi okwanira. Yendani ndi foni yolowa SIM ziwiri, kapena kafoni kamabatani kapadera ka SIM ya kumudzi yokha. Pa SIM imeneyo zimitsani data kuti mayunitsi asathe usiku umodzi, musiye mauthenga ndi mafoni okha. Mukangofika, pemphani wa kunyumba akutumizireni SMS wamba, muone ngati yalowa. Ikapanda kulowa, sankhani netiweki ina pamanja mu zoikamo za foni, poti si netiweki iliyonse ya kumeneko yomwe imagwirizana ndi yanu.

Kuimbira banki nakonso kuli ndi misampha yake. Timanambala tifupitifupi taulere tija sitigwira muli kunja. Mukufunika nambala yonse yoyamba ndi +265, ndipo ikhale ya ofesi ya makhadi, osati ya nthambi yanu, yomwe imatseka madzulo ndi Lamulungu. Ilembeni papepala padera, chifukwa ATM ikameza khadi, nambala ya kumbuyo kwake yapita nalo. Werengeraninso nthawi: Johannesburg ndi Lusaka n'chimodzimodzi ndi kuno, Dar es Salaam ndi Nairobi ali patsogolo ndi ola limodzi, Dubai maola awiri, Guangzhou maola 6, pomwe London ali kumbuyo ndi maola awiri nyengo yawo yozizira ndi ola limodzi nyengo yawo yotentha. Wamalonda amene khadi lamukana 10 koloko m'mawa ku Guangzhou ayenera kudziwa kuti kuno ndi 4 koloko mbandakucha. Foni amayankha ngakhale usiku, koma wa usikuyo kawirikawiri amangotha kutseka, kutsegula amati mudikire a masana. Likatsekedwa Lachisanu madzulo, mungathe kufika Lolemba.

Mukawapeza a masanawo, ntchito imayenda bwino, ndipo apa ndiwayamikire: amafunsa dzina, tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso, ndi malonda anu omaliza awiri kapena atatu ndi ndalama zake, choncho sungani malisiti. Mukayankha bwino khadi limatseguka posachedwa, ndipo yambani ndi malonda aang'ono a chip ndi PIN. Wa banki weniweni safunsa PIN, safunsa OTP, safunsanso manambala atatu a kumbuyo kwa khadi. Wina akakuimbirani n'kufunsa zimenezi, dulani foni muimbe nokha pa nambala munalemba ija. Akamberembere amadziwa kuti munthu wotsekeredwa khadi ali kutali amakhala wosweka mtima, amaulula chilichonse.

Samalaninso mawu anu pafonipo. Kutseka kulipo kwa mitundu iwiri. Kwina n'kongoyembekezera, kumatseguka mukatsimikiza kuti ndinu. Kwina n'kwamuyaya, komwe kumachitika mukanena kuti khadi latayika, labedwa, kapena kuti malonda ena si anu. Pamenepo khadi lafa, sangalidzutsenso, ndipo latsopano mukalitenga ku nthambi mukabwerako. Ngati simukutsimikiza za malonda ena, pemphani akuwerengereni dzina lonse ndi ndalama yake, chifukwa masitolo ambiri amaoneka ndi dzina la kampani yaikulu, osati lolembedwa pakhomo. Koma ngati si anudi, lolani liphedwe, ndipo mulembe dandaulo msanga. Malamulo a Visa amapereka masiku 120 pa madandaulo ambiri, koma banki yanu itha kufuna kuti mufulumire kuposa apo.

Opita ku London akumbukire ichi: mabasi a kumeneko anasiya kulandira ndalama za m'manja mu 2014, ndipo mukamalipira pogunditsa khadi la banki, Transport for London, bungwe loyendetsa mabasi ndi sitima kumeneko, imaphatikiza maulendo anu onse n'kudula ndalama tsiku likatha. Banki ikakana kudula kumeneko, m'mawa mwake khadi limakana pageti, ndipo limakanabe ngakhale banki italitsegula, mpaka ngongoleyo italipidwa. Kugula khadi la Oyster, lolipirira mabasi ndi sitima lomwe mumathiramo ndalama, tsiku loyamba kumachotsa nkhawa imeneyi. Kwina kulikonse, tengani khadi lachiwiri la banki ina, likhale m'chikwama china, ndi ndalama za m'manja zokwana masiku atatu, zogula ku banki kapena ku bureau yovomerezeka, lisiti lake lili pafupi ndi pasipoti.

Kwa bankiyi pempho langa ndi laling'ono. Funso loti "kodi ndinu?" lizibweranso pa pulogalamu yawo ya pafoni, yomwe imagwira pa Wi-Fi ya hotelo iliyonse, kasitomala n'kudina kuti inde kapena ayi. OTP izitha kupitanso pa imelo kwa amene walembetsa ulendo. Ndipo wogwira usiku ndi Lamulungu apatsidwe mphamvu yotsegula khadi, osati yotseka yokha.