Sensa ya kutentha kwa injini yoyendera limodzi ndi geji yoikitsa padera

Ndinagula sensa ya mkuwa ya waya umodzi, ya mazinga a muyezo wa ku America wotchedwa 1/8-27 NPT, kuti izigwira ntchito ndi geji ya mtundu wa VDO yosonyeza madigiri a Celsius 40 mpaka 120, ndipo chiiikireni pa injini ndakhutira nayo, ngakhale kuti pali zina zoti wogula azidziwiretu.

Ndinasankha imeneyi chifukwa wogulitsa analemba momveka bwino ma ohm ake (muyezo wa mmene imatchingira magetsi), omwe ndi pafupifupi 287 pa madigiri 40 ndi 22 pa madigiri 120. Anthu ambiri amangoyang'ana ngati sensa yalowa bwino pabowo, pomwe nkhani yagona pa manambala amenewa. Mkati mwa sensa muli kachipangizo komwe kamatchinga magetsi kwambiri kakakhala kozizira, n'kumawalola kudutsa mosavuta kakamatentha, ndipo geji imangowerenga kusinthako motsatira miyezo ya kampani imene inaipanga. Sensa ya miyezo ina ikhoza kulowa ndithu, kamuvi n'kumasuntha, koma kakusonyeza madigiri abodza injini ikupsa.

Ndisanaimange ndinamiza nsonga yake m'madzi obwadamuka, nditailumikiza ku geji ndi ku batire, ndipo kamuvi kanakwera pang'onopang'ono n'kukaima pafupi ndi 100. Pagalimoto ikuchitanso chimodzimodzi: thermostat (kachipangizo kotsegulira madzi njira yopita ku rediyeta injini ikatentha) ikatseguka, kamuvi kamakwera kenako n'kukhazikika.

Chimene sichinandisangalatse ndi adaputa. Injini yanga ili ndi bowo la mazinga a muyezo wa ku Britain wotchedwa 1/8-28 BSPT, monga zilili ndi injini zambiri za ku Japan, ndipo poyang'ana ndi maso mazingawa sasiyana ndi a NPT, moti wokakamiza ndi sipanala angathe kuwaononga. M'paketi munalibe adaputa yoteroyo, ndipo yomwe ndinagula padera inali yaitali kwambiri moti nsonga ya sensa, yomwe ndi yaifupi kale, sinkafika m'madzi oyenda. Ndinaisamutsira pa adaputa ya papaipi ya pamwamba ya rediyeta, imene imafuna waya wakewake wa ethi (wobwezera magetsi ku chitsulo cha galimoto) popeza paipiyo ndi ya labala, yemwe sadutsa magetsi.

Pepala la malangizo silinachenjezenso za tepi yoyera yomatira mapaipi. Sensa ya waya umodzi imapeza ethi kudzera m'mazinga ake, choncho tepi ikachuluka geji imasonyeza madigiri otsika kapena osasuntha n'komwe. Sensa yobwera ndi galimoto ndinaisiya pamalo pake, chifukwa kompyuta ya injini imadalira yomweyo poyeza mafuta oyendetsera olowa mu injini.