Jezi yachikasu ya Arsenal yakoyenda ya 2019/20: nsalu ndi yolimba, zomata ndiye zofuna kusamala

Chaka cha 2019 ndi chimene adidas inabwerera ku Arsenal kulowa m'malo mwa Puma, ndipo pa jezi yakoyenda anakatenga maonekedwe a ija ya 1991 mpaka 1993, ya JVC pachifuwa, imene ochemerera anaipatsa dzina loti "bruised banana" poiona ngati nthochi ya mabala akuda. Chikasu si chachilendo ku timuyi. Ndi mtundu umene anavala pogonjetsa Liverpool mu fainolo ya FA Cup mu 1971, komanso usiku wa pa 26 May 1989 ku Anfield, Michael Thomas atachinya chigoli chachiwiri chimene chinawapatsa ligi.

Yakale ija inali yaphokoso, mizere yokhotakhota yakuda bii thupi lonse. Iyi aifewetsa. Mizere ilipo koma yozimiririka, moti munthu akaima patali amangoona chikasu chokhachokha, mpaka ataiyandikira. Ena zimawakhumudwitsa. Kwa ine ndi ubwino wake, chifukwa imavalika ndi jinzi mtauni osaoneka ngati ukupita kukamenya mpira. Zolemba za Fly Emirates ndi chizindikiro cha adidas n'zabuluu woderako, wofanana ndi kabudula wake, ndipo pamkono pali Visit Rwanda.

Nsaluyo ndi poliyesita. Utoto wa mizere unalowetsedwa mu ulusi weniweniwo, choncho sumatuka ndipo ukapapasa sumva chotupa chilichonse. Chimene chimayamba kutha ndi zomata ndi moto: zolemba za pachifuwa, za pamkono, dzina ndi nambala kumsana. Guluu wake sagwirizana ndi kutentha komanso kupindapinda. Zimayamba ndi timing'alu pakona pa chilembo, kenako ngodya imadzuka, ukaikoka chilembo chonse chimatsatira.

Pochapa itembenuzeni kunja kukhale mkati, madzi akhale ozizira kapena osapitirira madigiri 30, sopo waufa pang'ono amene wasungunuka kale. Kuinyika mphindi 15 kapena 20 n'kokwanira. Usiku wonse ayi, ndipo isagone m'beseni limodzi ndi jinzi, chikasu chimayamwa buluu n'kusanduka chobiriwirako. Osaikwecha ndi burashi, osaimenyetsa pamwala, osaipotokola pofinya. Jiki ndi mankhwala ofewetsa zovala asafikepo. Ofewetsawo amamata ulusi, thukuta n'kumakanika kutuluka, fungo n'kukhalira. Yanikani pamthunzi, imauma msanga yokha. Simbi sifunika. Ya makala ikangokhudza nambala imasungunula pomwepo, ndipo pansalu imasiya banga lonyezimira losachoka.

Vuto la mtunduwu ndi litsiro. Fumbi lofiira la m'chilimwe limaonekera pakolala tsiku limodzi lokha. Pakani sopo ndi chala pamalopo musanainyike. Samalaninso ndi zipi ya chikwama ndi zomatira za lamba wake, zimakoka ulusi paphewa.

Jeziyi inatuluka pawiri. Ya ochemerera, ya nsalu yotchedwa Climalite, ili ndi baji yosokedwa ndipo ndi yotakasuka. Ya osewera, ya nsalu yotchedwa Climachill, ndi yopepuka, yothina, baji yake yomata. Amimba onjezerani saizi imodzi. Yovala mlungu ndi mlungu, tengani ya baji yosokedwa.

Popeza ndi ya nyengo yakale, yambiri imapezeka pa kaunjika kapena kwa ogulitsa pa intaneti, ndipo feki yachuluka. Itembenuzeni muone msoko: ya orijino ulusi wake ndi wowongoka, wopanda zolendewera kuseri kwa baji. Mkati muli kalebulo kakang'ono ka nambala ya katundu. Ilembeni pa Google, ikabweretsa nsapato kapena jezi ya timu ina, isiyeni. Chikasu cha feki nthawi zambiri chimapendekera ku olenji, ndipo zolemba zake zimakhala zokhuthala ngati pulasitiki. Yakaunjika yosweka kale zilembo musalipire mtengo wa yabwino, ming'alu ija sibwerera.