Smarthistory: kodi ingamuthandize motani wophunzira mbiri ya zaluso ku Zomba?

Wophunzira mbiri ya zaluso kuno ku Zomba amalemba mayeso a zinthu zambiri zomwe sanazionepo ndi maso. Chojambula cha Mona Lisa chili ku Paris, cha Guernica chili ku Madrid, ndipo mabuku okhala ndi zithunzi zooneka bwino ndi okwera mtengo, moti kalasi yonse imatha kudalira buku limodzi. N'chifukwa chake ambiri amathamangira pa intaneti. Mwa malo onse omwe angapiteko, Smarthistory ndi amene tikuona kuti ndi oyenera kuwonongerapo bandulo, ngakhale ali ndi pomwe amaperewera kwambiri kwa Mmalawi.

Smarthistory inayamba mu 2005, ndipo oyambitsa ake ndi aphunzitsi awiri a ku America, Beth Harris ndi Steven Zucker. Ndi yaulere, sikufuna kuti mulembetse dzina, ndipo nkhani zake zimalembedwa ndi akatswiri odziwika, aliyense dzina lake lili pamwamba pa zomwe walemba. Muli zinthu zamitundu iwiri: nkhani zazifupi zokhala ndi zithunzi, ndi mavidiyo amphindi zochepa omwe alinso pa YouTube.

Mphamvu yake ili m'mavidiyomo. Anthu awiri amaima pamaso pa chojambula kapena chosema n'kumakambirana zomwe akuona, kamera ikuloza mbali yomwe akuinena. Sayamba ndi mbiri ya moyo wa wojambula ayi. Amayamba ndi diso: mzere uwu ukupita kuti, kuwala kukuchokera mbali iti, chifukwa chiyani mutu wa munthuyu ndi waukulu kuposa thupi lake. Limeneli ndi luso lomwe limavuta ophunzira a chaka choyamba, lomwe aphunzitsi amalitcha formal analysis. Ambiri akapatsidwa chithunzi amalemba kuti "n'chokongola" kapena "chikuonetsa chisoni", n'kuthera pomwepo, ndipo malikisi amathawira pamenepo. Mukaonera mavidiyo khumi mwachidwi, mumayamba kugwira kayendedwe kake: mufotokoze kaye chomwe chilipo, kenako momwe chayalidwira, ndipo tanthauzo libwere pamapeto, litatsamira pa zomwe mwafotokozazo.

Kuti mupindule, musaonere ngati filimu. Imitsani vidiyo pa chithunzi choyamba anthuwo asanalankhule, mutenge pepala, mulembe ziganizo zisanu za zomwe mukuona. Kenako onerani mpaka kumapeto, muyerekeze zanu ndi zawo. Zomwe munaziphonya ndizo phunziro la tsikulo. Chingerezi chawo chikamathamanga, tsitsani liwiro kufika pa 0.75 ndipo muyatse mawu olembedwa pansi, chifukwa mawu ngati contrapposto kapena chiaroscuro muyenera kuwaona kalembedwe kake, osangowamva. Pa chojambula chilichonse lembani kakhadi ka zinthu zisanu: wopanga, dzina, chaka, zipangizo, ndi komwe chili lero. Pamayeso ozindikira zithunzi amafunsa zomwezi.

Nkhani ya bandulo ndi yosathawika. Vidiyo ya 360p imakwanira pomvera zokambirana, koma simungaone nayo mmene bulashi inadutsira. Nzeru yake ndi kumvera pa 360p, kenako kutsegula nkhani yolembedwa n'kukulitsa zithunzi zake. Mukapeza Wi-Fi, sungani masamba omwe mukufuna: mu Chrome sankhani Print, kenako Save as PDF. Dikirani kaye zithunzi zonse zitseguke potsetsereka mpaka pansi pa tsamba, apo ayi PDF imatuluka ndi mabokosi opanda kanthu. Mukatero, magetsi kaya netiweki zikavuta mumawerengabe.

Foni imanama pa zinthu ziwiri, ndipo apa vuto si la Smarthistory koma limagwera wophunzira. Choyamba ndi mitundu. Mafoni ambiri ali ndi kachipangizo koteteza maso usiku komwe kamasandutsa chilichonse kukhala chachikasu. Mukaiwala kukazimitsa, mulemba kuti thambo ndi lobiriwira pomwe wojambula anapaka buluu. Kazimitseni, kwezani kuwala, ndipo musaonere padzuwa. Chachiwiri ndi kukula. Pa sikirini zonse zimafanana ndi chikhatho, chonsecho Mona Lisa ndi wa masentimita 77 kutalika ndi 53 mulifupi, pomwe Guernica, yemwe Picasso anajambula mu 1937, ndi pafupifupi mamita 3.5 kutalika ndi 7.8 mulifupi. Munthu woima patsogolo pake amamezedwa nacho, ndipo kumezedwako ndi mbali ya uthenga wake wa nkhondo. Werengani miyeso yomwe imalembedwa pansi pa chithunzi, mutenge tepi kapena chingwe, muyese pakhoma la kalasi. Zimatenga mphindi ziwiri koma zimasintha zomwe mulembe.

Zithunzi zambiri za Smarthistory zimaloledwa kugwiritsidwa ntchito pophunzira bola musagulitse ndipo mutchule mwini wake. Chilolezo chimalembedwa pansi pa zithunzi zambiri, choncho muziwerenga. Posindikiza m'mashopu a m'tauni kapena a ku Chikanda, chithunzi cha masentimita 10 ndi 15 chimafuna mapikiselo pafupifupi 1200 ndi 1800 kuti chituluke chakuthwa. Musachitumize pa WhatsApp ngati chithunzi wamba chifukwa imachifinya. Tumizani ngati Document kapena mupite nacho pa fulashi. Pepala wamba la 80 gsm limamwa inki ndipo mitundu yakuda imasanduka matope. Pemphani asindikize tsamba limodzi kaye muone. Nkhani iliyonse ilinso ndi mzere pansi pake wokuuzani momwe mungaitchulire m'ntchito yanu, zomwe zimachotsa chifukwa chilichonse chokopera mawu a eni mosatchula.

Za Africa ziliponso ndithu. Mupeza Great Zimbabwe, mzikiti wadothi wa ku Djenné, zigoba za Achokwe, chosema cha ku Kongo chotchedwa nkisi nkondi, ndi zamkuwa za ku Benin zomwe asilikali a Britain analanda mu 1897. Nkhani ya kulandidwako saibisa, ndipo izi n'zoyamikika. Koma kulemera konse kumapendekera ku Ulaya ndi America, ndipo za Africa zomwe zilipo zambiri ndi za kumadzulo ndi pakati pa kontinenti. Wophunzira amene adalira malo amenewa okha adzamaliza digiri akudziwa bwino matchalitchi a ku Florence koma ali mlendo ku Dedza.

Apa m'pamene tikufuna kutsindika. Ku Chongoni, m'dera la Dedza, kuli malo 127 a zojambula pamiyala, omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zimagwirizanitsidwa ndi Akafula, zoyera ndi Achewa, zina zokhudza chinamwali, zina nyau. Kusiyanitsa utoto wofiira ndi woyera, kuona chomwe chinajambulidwa pamwamba pa chinzake kuti mudziwe choyamba ndi chiti, imeneyo ndi mbiri ya zaluso yeniyeni, ndipo malo ngati Chentcherere kapena Mphunzi, a ku Chongoniko, mungafikeko. Ku Mua kuli Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso omwe bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndi nyumba ya Chamare yosunga zigoba zambirimbiri za gule wamkulu. Ndipo gule amaonetsa malire a kaphunzitsidwe koima pamaso pa chinthu chosayenda. Chigoba cha Chadzunda chili pakhoma ndi theka chabe la nkhani; theka lina ndi ng'oma, nyimbo, fumbi la pabwalo, ndi mwambo womwe chilombo chatulukira, kaya maliro kaya kulonga ufumu. Palinso zomwe eni mwambo salola kuti zijambulidwe kapena kulembedwa, ndipo wofufuza amayamba wapempha kwa amfumu ndi akuluakulu a dambwe. Zimenezi palibe vidiyo ya kunja yomwe ingakuphunzitseni.

Simuyeneranso kudikira ulendo wa ku Dedza kuti muyese diso lanu. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo nyumba za nthawi ya atsamunda zikadalipo m'munsi mwa phiri. Chipilala cha njerwa cha asilikali a King's African Rifles, pafupi ndi Cobbe Barracks, n'chokwanira pa ntchito yonse ya formal analysis: kutalika kwake poyerekeza ndi munthu, kayalidwe ka njerwa, komwe chayang'ana, mayina omwe alembedwa ndi mmene asanjidwira, ndiponso yemwe anachimanga ankafuna kuti woona amve chiyani. Zikalata zakale zokuthandizani kuyankha zili ku National Archives, konkuno m'tauni.

Choperewera china cha Smarthistory n'chakuti pafupifupi zonse zili m'Chingerezi ndipo nkhani zake ndi zazifupi. Zimakutsegulirani chitseko pa mutu, koma pa ntchito ya chaka chachinayi mphunzitsi adzafuna mabuku ndi zolemba zozama. Pamenepo gwiritsani ntchito mndandanda wa zowerenga zina womwe umakhala kumapeto kwa nkhani zambiri, mukafufuze nawo ku laibulale. Kwa wa chaka choyamba ndi chachiwiri, tikuivomereza ndi mtima wonse pa kuphunzira kuona ndi kukonzekera mayeso a zithunzi. Kwa amene akulemba za Chongoni, gule, zoumba kapena zosema za kuno, ndalama ya bandulo ndi bwino isanduke ya basi.